Nyumba ya lendi yotsika mtengo ku Lilongwe: ndiyambire dera liti, nanga za mitsinjezi n'zoona?

Nachisale wa ku Zomba

Moni nonse. Andisamutsira ku Lilongwe ndipo ntchito ndikayamba mu Okutobala ku City Centre. Bambo a kunyumba amagulitsa kaunjika, akufuna akapeze benchi kumsika wa Tsoka. Tili ndi ana awiri a kupulayimale. Tikufuna nyumba ya zipinda zogona ziwiri, yamagetsi, madzi akhale pakhomo ngakhale utakhala mpopi wapanja, ndipo lendi isapitirire K180,000 pamwezi. Ena akuti Area 25, ena Kawale, ena Chinsapo, pomwe ena akundiopseza kuti nyumba zotchipa zonse zili m'mphepete mwa mitsinje. Inu amene mukuudziwa bwino mzindawu, ndiyambire kuti? Ndikafika panyumbapo ndione chiyani ndisanapereke ndalama?

Mbewe wa ku 23

Mayi, choyamba manambala a ma Area asakusokonezeni, sasonyeza kuyandikana. Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo, pomwe Area 24 ili mbali ina ya tauni, kum'mwera. Mukangomva nambala, funsani kuti minibasi yake imakwerekera pati ndipo imadzera kuti.

Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama n'kudutsa pakati penipeni pa Old Town. Depoti ndi msika waukulu zili tsidya la kum'mawa, ndipo tsidya lomwelo ndi kumene kuli Mchesi, Biwi, Kawale, Chilinde, Area 22, 23, 24 ndi 36. Tsoka ili m'mbali mwa mtsinjewo, moyang'anana ndi msika wa Lizulu. Tsidya linalo kuli Area 3 ndi msewu wopita ku Chinsapo ndi ku Likuni. City Centre ili kumpoto, mutaoloka mtsinje wina wa Lingadzi. Choncho inu ndi bambo muzigwira ntchito kumalo awiri otalikirana, ndipo nyumba yoyenera ndi imene aliyense wa inu adzakwere galimoto imodzi yokha popita.

Ndi mmene mwafotokozeramu, ine ndingayambe ndi Kawale, Chilinde ndi mbali ya Area 23 yoyandikira Chilinde. Bambo akwera minibasi imodzi kukatsika kudepoti, ndipo akakhala ku Kawale ya kumunsi, ku Biwi kapena ku Mchesi angathe n'kuyenda wapansi. Inu simuyenera kukazungulira kudepoti: pali njira yodzera ku Kamuzu Institute imene imakatulukira ku City Centre, ndipo m'mawa ndi madzulo mumapezeka magalimoto ndi akabaza a njinga zamoto.

Chinsapo, Likuni ndi Area 36 nyumba n'zotsikirapo mtengo, ndipo zambiri n'zatsopano kuposa za ku Kawale. Vuto lake lili pa inu. Muzikwera kawiri popita, kawiri pobwera. Pa masiku 22 ogwira ntchito amenewo ndi maulendo 88, pomwe wokwera kamodzi amapanga 44. Tiyerekeze kuti ulendo umodzi ndi K1,500: maulendo 44 owonjezerawo ndi K66,000 pamwezi. Nyumba ya K140,000 ku Chinsapo yasanduka ya K206,000, yaposa ya K180,000 ya ku Chilinde. Ikanimo mtengo weniweni umene akukweretsera sabata imene mukufunsayo, ndipo mukumbukire kuti mafuta akasowa kapena akakwera, thiransipoti imakwera tsiku lomwelo pomwe lendi imadikira miyezi.

Area 47, Area 18, Area 15, Falls ndi Gulliver ku 49 musatayeko nthawi ndi ndalama mwatchulayo. Chimene mungapezeko ndi kanyumba kakuseri kwa nyumba yaikulu, koyenera munthu mmodzi, ndipo eni ake ambiri akamva za ana awiri amakana.

Mudziwiretu kuti Kawale, Chilinde, Biwi ndi Mchesi ndi malokeshoni akale. Puloti imodzi mumapeza nyumba ya eni ake kutsogolo, kuseri atamangako zitatu kapena zinayi za lendi, bafa ndi chimbudzi chogawana. Yokhala ndi zonse m'kati ilipo koma imalimbiranidwa. Ku 23 malo ndi aakulu, ndipo mtengo umatsika mukamachoka kutala kulowera m'kati. Muyese ndi phazi: ngati kuchoka panyumba kufika pasiteji kukupitirira mphindi 15, nthawi ya dzinja muzilipira kabaza, nayenso muwerengereni pa lendi.

Zotchipitsitsa zili ku Mtandire, Mtsiliza, Mgona, Senti, Kauma, Phwetekere ndi m'kati mwa Chinsapo. Kumeneko anthu anamanga mapuloti asanadulidwe, kotero nyumba yabwino ndi yoipa zimagundana makoma. Sikuti n'kosakhalika, koma simungalipire nyumba ya kumeneko mutangoona chithunzi.

Mmisiri Kalulu

Amene akukuopsezani za mitsinje sakunama, mayi, kungoti sanamalize kufotokoza. Si dera lonse limene limasefukira. M'dera lililonse muli kumtunda ndi kumunsi, ndipo nyumba imene yatsika mtengo modabwitsa poyerekeza ndi zinzake nthawi zambiri ili kumunsi.

Mu February 2017 Lingadzi anasefukira ku Mtandire mpaka asilikali anachita kupulumutsa anthu ndi helikopita. Mu December chaka chomwecho madzi anagwetsa nyumba ku Kaliyeka, Chipasula, Kawale, Mchesi ndi madera oyandikira, ndipo anthu anafa. Onani bwino: mbali ya Kawale imene achimwene a Mbewe akukulozerani, chimene chimavuta kwenikweni si mtsinje waukulu wa Lilongwe, koma timitsinje ting'onoting'ono todutsa pakati pa nyumba. Inu mukubwera mu Okutobala, nthawi imene timitsinjeti timangooneka ngati ngalande youma yotayamo zinyalala, mwana n'kumailumpha. Mu Januwale ndi mu February ndi pamene mumadziwa kuti ndi mtsinje. Kumtunda mitengo inatha, paliponse ndi malata ndi simenti, choncho madzi salowa pansi, amathamangira kukhwawa nthawi imodzi. Akafika pa kamlatho kapena pa khalavati yotsekeka ndi mapulasitiki ndi matewera, amabwerera m'mbuyo n'kulowa m'makomo. Okumba mchenga ndi oumba njerwa nawonso anadya magombe, mtsinje unasendera kufupi ndi nyumba zimene kale zinali patali. Ndipo madzi angakupezeni usiku kwanuko kusanagwe n'dontho lomwe, mvula itagwa kumtunda.

Mukafika panyumba musathamangire kulowa. Imani pabwalo muone kumene malo apendekera, ndipo mudzifunse kuti madzi a padenga la aneba akumtunda amadzera pati. Ngati msewu uli pamwamba kuposa bwalo, ndipo palibe ngalande yomangidwa pakati, madzi a mumsewu ndi anu. Simenti ya pansi m'nyumba izikhala pamwamba pa bwalo ndi mizere iwiri ya njerwa kapena kuposa, pafupifupi masentimita 15. Mukaona kakhoma kakafupi komangidwa pakhomo koti muzichita kudumpha polowa, kapena matumba a mchenga ong'ambika atatsamira khoma, dziwani kuti madzi analowapo kale.

M'kati yang'anani m'munsi mwa makoma. Penti yatsopano yopakidwa kuchokera pansi kulekeza m'mawondo, kumtunda kuli yakale, ikubisa mzere wa madzi. Gogodani pulasitala ndi chala chopinda: akamalira ngati ng'oma ndiye kuti anasiyana ndi njerwa chifukwa cha chinyontho. Zoyera ngati mchere zotuluka pakhoma, dzimbiri m'munsi mwa felemu yachitsulo ya chitseko, ndi chitseko chathabwa chotupa kumunsi, zonsezi zikunena chinthu chimodzi. Tsegulani chipinda chimene chinali chotseka mununkhize. Fungo la nkhungu m'chilimwe silibisika.

Kenako zungulirani kuseri, pezani pamene khoma silinapakidwe pulasitala, mukande pakati pa njerwa ndi kiyi kapena msomali. Zikamayoyoka ngati ufa wofiira, nyumbayo anamangira dothi osati simenti. Nyumba zambiri za m'malokeshoni zili choncho ndipo zimakhala zaka, bola denga litatuluka bwino kunja ndipo m'munsi muli khonde la simenti lozungulira. Koma madzi akaima m'munsi mwa khoma lotere kwa maola ochepa, dothi limafewa ndipo khoma limakhala pansi. Ya zidina yokhala kumunsi kwa malo otsetsereka ndiye musaiganizire n'komwe muli ndi ana. Onaninso mpanda: ngati ndi wa njerwa, uli kumbali kochokera madzi ndipo ulibe mabowo m'munsi otulutsira madzi, umenewo ndi umene umayamba kugwa, ndipo umagwera chipinda chimene chayandikira.

Dothi lakuda long'aluka m'chilimwe ndi la dambo. Limatupa likanyowa n'kufota likauma, n'chifukwa chake nyumba za pamenepo zimakhala ndi ming'alu yoyenda chopingasa kuchokera pakona ya windo. Ngati pafupi pali chitsime, suzumiranimo. Madzi akakhala pafupi, mamita awiri okha mu Okutobala, ndiye kuti m'dzinja chimbudzi chokumba chimadzadza madzi n'kusefukira pabwalo posewera ana. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inavuta kwambiri mu Lilongwe, mpaka mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu kuno ndi ku Blantyre. Chitsime chizitalikirana ndi chimbudzi mamita 30, zimene m'mapuloti othinana sizitheka, choncho madzi a pachitsime akhale ochapira basi.

Denga n'losavuta kuliyesa ngati mulibe siling'i: lowani masana, tsekani zitseko ndi mawindo, muwerenge pamene pakulowa kuwala. Ngati siling'i ilipo, madontho achikasu ndi pamene yafutukira pansi ndi pamene pamadontha.

Za madzi osefukira musafunse eni nyumba kapena ejenti. Funsani amayi ogulitsa madzi pakiyosiki, kapena wakabaza wa pasiteji. Funso lake ndi ili: mvula ikagwa usiku wonse, njinga imafika pakhomo pano?

Nyagondwe 25C

Ine sindikugwirizana ndi a Mbewe pomusiya Area 25 kunja. Wogwira ntchito ku City Centre kapena ku Capital Hill wochokera ku 25 kapena ku 49 sadzera kudepoti, amakhotera pa Area 18. Ndiponso kumasekitala, zigawo za ku 25 komweko, kuli nyumba zambiri zatsopano, zomangira simenti, zitatu kapena zinayi mumpanda umodzi, iliyonse ndi bafa ndi chimbudzi chake m'kati. Kwa banja la ana awiri zimenezi n'zofunika kuposa kuyandikira tauni, chifukwa chimbudzi chogawana mabanja anayi m'mawa ana akamakonzekera kusukulu chimabweretsa mikangano tsiku ndi tsiku.

Wovutika adzakhala bambo. Kuchokera ku 25 kukafika ku Tsoka n'kutali, m'mawa msewu umathinana, ndipo tsiku lonyamula belo amalipiritsa katundu padera. Ngati katundu azimusungitsa kumsika komweko, bambo n'kumangoyenda okha, zikhoza kutheka. Komanso ku 25 mukalowa m'kati mwa masekitala misewu yambiri ndi yafumbi, m'dzinja matope ake amaterera, ndipo malo ena anali dambo, choncho zonse anena a Kalulu zikugwiranso ntchito kuno.

Mukafuna kutsitsa lendi kwambiri, Kauma ili kufupi ndi Area 12 ndipo anthu ambiri ogwira ntchito ku City Centre amayenda wapansi kuchokera kumeneko. Sankhani kumtunda, kumunsi kumatsetserekera kumtsinje wa Lilongwe ndipo ndi mbali imene kuli madamu a suweji. Senti nayo ili kufupi ndi Area 18, koma pewani mbali yotsikira ku Nankhaka.

Nachisale wa ku Zomba

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Pagulu lina la WhatsApp ejenti wanditumizira zithunzi za nyumba ku Chilinde, K170,000. Mumpandamo muli nyumba zinayi, mita ya magetsi ndi imodzi, mpopi umodzi. Akuti nditumize ya kaonedwe ndi ya miyezi itatu pafoni kuti andisungire, chifukwa ofuna ndi ambiri. Ndipange bwanji?

Anaphiri a ku Biwi

Musatumize, asisi. Mawu oti ofuna ndi ambiri amanenedwa pa nyumba iliyonse. Zithunzi zomwezo zimazungulira m'magulu angapo, ndipo nthawi zina nyumbayo muli kale anthu kapena si ya lendi n'komwe. Ya kaonedwe imaperekedwa pamanja tsiku lokaona, mutakumana ndi ejentiyo. Ya lendi imaperekedwa kwa mwini nyumba, mutaima m'nyumbamo, makiyi ali poonekera. Ngati simungabwere nokha, tumani wachibale wa kuno akaone ndi maso. Gwirizananinso ndi ejenti musananyamuke kuti yake yomaliza ndi zingati ndipo amulipira ndani, chifukwa ena amatenga kwa inu ndi kwa eni nyumba komwe.

Kuti mudziwe mwini weniweni, funsani alendi anzanu a mumpandamo kuti lendi amapereka kwa yani, mufunsenso amfumu kapena abuloko lida a pamenepo. Pemphani kuona chitupa cha unzika. Polipira pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lotuluka pafoni lifanane ndi la pachitupa, ndipo uthengawo muusunge ngakhale akupatseni lisiti. Mukamva kuti nyumbayo ndi ya Malawi Housing Corporation ndipo wokubwereketsaniyo nayenso ndi mlendi, isiyeni. Saloledwa kubwereketsanso, ndipo zikadziwika wotulutsidwa ndinu.

Miyezi itatu yoyambirira ndi chizolowezi kuno. Pa K170,000 imeneyo ndi K510,000, musanawerengere ejenti ndi lole yochokera ku Zomba. Munthu wa pantchito yolembedwa angathe kupempha kuti apereke iwiri, ndipo eni nyumba ambiri amavomera akaona kalata ya kuntchito. Funsitsani ngati mwa ndalamazo muli dipoziti yobwezedwa potuluka, ndipo zilembedwe.

Tsopano mita imodzi ya mabanja anayi. Yunitsi imodzi ndi chipangizo cha mawatsi 1,000 chikayaka ola limodzi. Hotipuleti ya mawatsi 1,500 yophikira maola awiri patsiku imadya mayunitsi atatu, pamwezi 90. Mababu asanu a LED a mawatsi 9 oyaka maola asanu patsiku amadya mayunitsi pafupifupi 7 mwezi wonse. Ndiye ngati mukusonkha mofanana, wophikira makala akulipirira wophikira magetsi, ndipo mayunitsi akatha usiku aliyense amaloza mnzake. Funsani kuti mumpandamo ndani ali ndi hotipuleti, ayironi, firiji kapena makina ometera ndi owotcherera, ndipo amagawana motani. Njira yabwino ndi kamita kakang'ono kowerengera nyumba yanu yokha, koikidwa ndi wamagetsi wodziwa ntchito pa waya wolowa kwanu. Pamapeto a mwezi mumalipira zimene mwagwiritsa. Gwirizanani ndi eni nyumba kuti ndalama yake aidule pa lendi. Onaninso kumene mitayo ili. Ikakhala m'nyumba ya munthu wina, iye akachoka n'kukiya, inu mugona mumdima muli ndi tokeni m'manja. Ndipo mabanja anayi akayatsa zophikira nthawi imodzi madzulo, magetsi amangothima pa bokosi chifukwa cha kulemedwa.

Pa madzi, pemphani bilu yomaliza ya Lilongwe Water Board muone ngati pali ngongole. Ngongole ya amene anatuluka ndi imene imadulitsa madzi mwezi wanu woyamba. Mita ikakhala yolipiriratu, funsani ngati pogula amadulako ya ngongole yakale. Lembani manambala a pamita tsiku lolowa. Kenako tsekani mipopi yonse muyang'ane mita kwa mphindi zingapo: ikamayendabe, paipi ikudontha pansi ndipo bilu imeneyo muzigawana. Kugawana kwabwino n'kowerengera mitu ya anthu, osati zitseko, ndipo ngati wina amagulitsa madzi a pampopiwo kwa aneba, zimenezo zidziwike poyamba.

Kaoneni nyumbayo m'mamawa cha m'ma 6 koloko, nthawi imene aliyense akutunga, mutsegule mpopi nokha. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, m'malo okwera madzi amafooka ndipo kwina amabwera usiku wokha. Banja la anthu anayi, kuphatikizapo kuchapa ndi kusamba, limatha zigubu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za malita 20 patsiku. Dilamu ya malita 200 yokhala ndi chivundikiro ikusungani masiku awiri, igulenitu. Dziwaninso kiyosiki yapafupi ndi nthawi imene imatsegulidwa.

Pangano likhale lolembedwa ngakhale papepala la m'kope, mapepala awiri, aliyense lake, ndi mboni. Mulembe lendi ndi tsiku lolipira, notisi ya mwezi wathunthu mbali zonse ziwiri, ndiponso kuti akafuna kukweza lendi akuuzeni miyezi ingati isanakwane. Mfundo imeneyi musaisiye: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, eni nyumba ambiri anakweza lendi, ndipo amene analibe pepala analibe poyambira kukambirana. Mulembenso wolipira chimbudzi kapena sepitiki thanki ikadzadza, masabata osesa bafa, nthawi yotseka geti, ndi ndalama ya achitetezo a m'dera ngati amasonkha. Chilichonse chimene mungakonze ndi ndalama zanu, loko, windo kapena mpopi, muyambe mwalemberana kuti adula pa lendi. Jambulani chipinda chilichonse musanalowetse katundu, makamaka magalasi osweka ndi ming'alu.

Mbewe wa ku 23

Kuwonjezera pa zimene anena mayi Anaphiri: nyumba zambiri zotsika mtengo sizifika n'komwe pa WhatsApp. Zimatuluka anthu akamapereka notisi, choncho bwerani masiku khumi omaliza a Seputembala, mugone kwa achibale, muyende wapansi ku Chilinde, Kawale ndi 23. Werengani timapepala tomata pamageti, pamitengo ya magetsi ndi pamagolosale, ndipo muwauze ogulitsa m'maokala chimene mukufuna. Iwo amadziwa amene akusamuka lole isanabwere.

Ana adzakhala ali pakati pa teremu yoyamba, ndiye tengeranitu makalata a transifa kwa ahedi ku Zomba. Musanalipire nyumba, yendani njira yochokera pakhomopo kukafika kusukulu imene adzalowe. Ngati njirayo ikuoloka khwawa pa timitengo kapena pa miyala, funsani ngati ilipo ina yodzera pamlatho weniweni ndipo ndi yotalika bwanji, chifukwa kuyambira December mpaka Malichi imeneyo ndi imene azidzera.